Chala chonunkhira mango

Ntchito yanga yoyamba ku Joni ndinaipezera kutchalitchi, mu holo ina ya ku Berea. Mayi wina wa m'kwaya atamva kuti ndinaphunzirako chithandizo choyamba, anandilozera kagulu koyendera odwala m'makomo. Kumeneko anandipereka kwa Sisi Thandi, paramediki (wothandiza odwala mwadzidzidzi) wachizulu wouma pakamwa koma wofewa manja. Yanga inali kunyamula chikwama ndi kuyeza shuga: kubaya chala ndi kasingano, kukhudzitsa dontho la magazi pa kapepala kolowetsa m'kamakina, n'kudikira nambala. Kamakinako ndinkakakhulupirira kuposa maso anga.

Masana ena a Disembala tinaitanidwa kwa bambo Chikopa, osamalira maluwa ku Sandton, odwala shuga kwa zaka zambiri. Chikepe cha nyumba yosanja imene ankakhala chinali chakufa, ndiye tinakwera masitepe. Nditangolowa m'chipinda mwawo, fungo la mango linandinyamula n'kukanditula kwathu ku Mulanje. Anali mango a kumudzi, obwera pa basi dzulo lake. Ndinagwidwa ndi chifundo cha kwathu.

Bambowo anali tsonga pabedi, thukuta kamukamu, manja akunjenjemera. Ankamwetulira khoma n'kumalankhula ndi mlongo wawo amene anatisiya kalekale. Ndinabaya chala. Nambala inatuluka yokwera zedi, ndipo akazi awo, mayi Nachisale, anathamangira jakisoni wotsitsa shuga.

"Aikona, mama, dikirani," anatero Sisi Thandi. "Thukuta ili silikugwirizana ndi nambalayi."

Jakisoniyo akanalowa m'thupi la munthu woti shuga watsika kale, bwenzi tikukamba zina. Sisi anafunsa chomwe bambowo adya. Mayiwo anati palibe, chibayireni jakisoni wam'mawa. Mangowo sanalawe n'komwe poopa dokotala. Bambowo anangosendera akazi awo mangowo, okha n'kumanunkhiza zala zawo.

Sisi anandiyang'ana, ine n'kupempha beseni. Ndinagwada monga tichitira kwathu posambitsa akulu m'manja chakudya chikafika, n'kuwathirira madzi ofunda pang'onopang'ono. Madziwo ankachita chikasu. Ndinawapukuta, n'kubayanso chala ndi kapepala katsopano. Shuga anali pansi penipeni. Poyamba paja kamakina kanawerenga madzi a mango.

Popeza ankathabe kumeza, tinawamwetsa madzi a shuga. Maso awo anabwerera m'chipindamo ngati munthu wotsika basi ya ulendo wautali. Titayezanso, Sisi anasankha bango lakupsa kwambiri n'kuwapatsa m'manja.

"Ili ndi langadi?" anafunsa bambowo.

"Lero ndi mankhwala, bambo," ndinayankha.

Kuyambira tsikulo sindibaya chala chosasamba, ndipo ndimayamba ndayang'ana nkhope ndisanayang'ane nambala. Koma chimene chimandibwerera ndi cha bambo Chikopa, atatsinzina, akuyamwa bango lija mpaka nthanga kuyera, madzi ake akutsikira m'zigongono.