Gofu ya a Sichali ndi Mboni Yosafunsika

Ku Chisenga, mlendo akafunsa nyumba ya a Blackson Sichali anthu amayamba akanda kaye mutu, koma akangoti "a Gofu" ngakhale mbuzi imamulozera njira. Ndi bambo wamtali, woonda ngati nsungwi, ndipo sachoka pakhomo opanda kachipewa koyera ka mlomo kutsogolo. Kuyerako ndikunena kale. Lero kali ndi mtundu wa dothi la kuno.

Unyamata wawo wonse unathera kumwera, ku minda ya tiyi, komwe ankanyamulira mabwana chikwama cha ndodo za gofu. Anzawo amene anapita ku migodi ya ku Zambia anabwerako ndi njinga, malata, ena makina osokera. A Sichali anatsika basi pa Boma ndi ndodo zitatu zachitsulo, timipira toyera m'sokosi, ndi Chichewa chosalala chimene mpaka lero amatiopseza nacho pamaliro. Mayi a kunyumba, a Jenifer Nalungwe, anatembenuza ndodozo uku ndi uku, nafunsa ngati zingakhale mpini wa khasu. Atamva kuti ayi, anaziimika kuseri kwa chitseko pamodzi ndi tsache.

Gofu, kwa inu amene simunaione, ndi masewera oti munthu wamkulu ndi ndevu zake amamenya kampira kuti kapite kutali, kenako n'kukalondola yekha wapansi, n'kukamenyanso, mpaka kalowe m'dzenje. Womenya kochepa ndiye katswiri. A Sichali anakumba maenje awo m'dambo lodyetsera ng'ombe kumunsi kwa mapiri a Mafinga, anakwiriramo zitini za mkaka, ndipo pa dzenje lililonse anazikapo bango lomangirira kansanza kofiira. Udzu zimawatchetchera ndi ng'ombe zomwezo, ngakhale zimawasiyiranso zina zimene sanapemphe.

Kwa zaka zambiri ankasewera okha, m'mamawa, ndipo paokhapo anali munthu woopsa. Sanagonjepo. Kampira kakalowa m'tchire ankati ng'ombe yalira pa nthawi yolakwika, n'kumenya kena. Akamenya mphepo kampira kali phee pansi, ankati amangoyesa dzanja. Kakagwera pa ndowe ankakasuntha ndi phazi, maso ali kumapiri, ngati phazilo ndi la munthu wina. Pobwerera kunyumba ankayenda monga munthu amene wagonjetsa mabwana onse a ku Thyolo, ndipo wotsutsa panalibe.

Tsoka linawagwera m'mwezi wa Juni, tsiku lozizira loti zala zimakana mwini wake. Anamenya kamodzi. Kampira kanakwera, kanatsika, kanadumphadumpha, n'kugubuduka mwaulemu mpaka m'chitini, kho! Anaona ndi maso awo. Kumwera kuja anaona mabwana akulakalaka zimenezi mpaka kumera imvi osazipeza. Anakuwa, anaponya chipewa m'mwamba, natembenuka kuti aone amene waona. Kunali ng'ombe zokhazokha. Imodzi inadzutsa mutu, n'kubwereranso ku udzu wake.

Anathamangira kunyumba, chifuwa chili befu befu, akuitana mkazi wawo potchula dzina la mwana wawo.

"Anyina Mark! Kalowa! Kamodzi kokha, kalowa!"

"Chalowa n'chiyani, njoka?"

"Kampira, m'dzenje!"

"Dzenje munakumba nokha lija?"

"Lomwelo."

"Ndiye mwakatulutsa?"

"Ee."

"Basitu, palibe chatayika. Sambani m'manja, tiyi akuzizira."

Ku tiyirumu ya pamsika zinali zoipirapo. A Sungani atelala, munthu amene lilime lake limathamanga kuposa makina ake, anamvetsera nkhani yonse mwachidwi, kenako anafunsa modekha kuti, "Anakuonani ndani, adada?"

"Panali ng'ombe."

"Ya ndani? Tikaifunse."

Kuyambira tsikulo, wogulitsa nyemba akalumbira kuti zake sizifumbwa, anthu ankangoti, "Eya, kalowa kamodzi." Wakabaza akati njinga yake sinagwetsepo munthu, "Kalowa kamodzi." Zinawawawa a Sichali. Mabodza onse ang'onoang'ono amene ankadzinamiza m'dambo muja sanawavutitsepo, koma tsiku limodzi lokha limene ananena zoona ndi limene linawasandutsa wabodza wa mudzi wonse. Chimene ankafuna tsopano chinali chimodzi: munthu wa maso awiri, woidziwa gofu, aone dzanja lawo ndi kunena pagulu kuti Sichali sanama.

Anayamba ndi a Sungani omwewo, kuti mwina akaona ndi maso pakamwa patsekeka. Apa m'pamene anazindikira kuti gofu inapangidwira dziko la anthu osapatsana moni. Womenya amafuna bata, ngakhale kutsokomola n'kulakwa. Koma a Sungani sankadzuka m'mamawa, ndipo dzuwa likakwera njira ya kuchigayo yodutsa m'dambomo imadzaza anthu. Kuno munthu sadutsa mnzake ngati chitsa. A Sichali akangokweza ndodo, mawu ankachokera kumbuyo: "Mwaghona, adada!" Ndodo pansi. Kuyankha, kufunsa za kunyumba, za ana, za chifuwa cha agogo. Akakwezanso, wina. A Sungani anapirira mpaka masana, anakumba dambo ndi ndodo ngati akufuna mbewa, kenako anabweza ndodoyo.

"Adada, ine ulendo woyenda osafika kulikonse sindiutha. Ndili ndi mayunifolomu a ana a sukulu."

Kenako kunabwera mlangizi wa zaulimi watsopano, a Chikhumbo Malunga, wochokera ku Mulanje. Atamva nkhaniyo pa tiyirumu sanaseke ayi. Anati gofu anaiseweraponso ali kwawo.

"Zimachitika, bambo," anatero. "Koma kwathu popanda mboni sitiwerengera. Loweruka ndibwere tidzamenye?"

A Sichali anafuna kuti akhale awiriwiri, iwo ndi mboni yawo basi. Anaiwala kuti ali ndi mkazi. A Nalungwe anati mlendo wa boma sangaponde pakhomo pawo abale osamulonjera, anthu angati iwo ndi otani? Loweruka lija m'dambo munali mabenchi a kutchalitchi, mipando, mikeka, ndi anthu oti ena anachokera kutsidya kwa mtsinje. Aliyense anafuna kugwira mlendo dzanja. A Malunga anali ataphunzira kale "monire" ndi "yewo", ndipo ankazimwaza mosaumira. Pamene masewera ankayamba, mthunzi unali utalowa pansi pa mapazi.

A Sichali anaima, anagwedeza chiuno monga ankachitira mabwana, anakweza ndodo, anatsitsa mwamphamvu. Kampira kanali pomwepo.

"Ndimayesa dzanja," anatero.

"Imeneyo tawerenga, bambo," anayankha a Malunga mwaulemu.

Anamenyanso, kampira n'kuthawira m'tchire. Anthu anawomba m'manja poona kutalika kwake, ndipo azimayi ena anaimba nthungululu. Pa dzenje lachiwiri kanakatera pakati pa ndowe yaiwisi. Phazi la a Sichali linayamba ulendo wake wa masiku onse, koma a Malunga anatsokomola pang'ono, phazi n'kubwerera. Anamenyera pomwepo. Zimene zinauluka sindinena, koma a Sungani amene anali pafupi anakasamba kumtsinje. Mlendoyo nayenso sanali katswiri, kungoti zophonya zake ankaziwerenga yekha mokweza, khalidwe limene a Sichali analiona ngati mwano.

Anafika pa dzenje lomaliza, lija la m'mwezi wa Juni, a Sichali thukuta lili kamukamu. Nthawi yomweyo n'kuti Bessie, mkazi wa mwana wawo Mark, atafika ndi chidebe cha thobwa la mawere. Mwambo wa banja lawo ndi wakale: mkamwana sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna, salankhula nawo, ngakhale dzina lawo salitchula. Choncho Bessie anatula chidebe kwa azimayi, anazungulira patali, nakakhala yekha kutsogolo uko pafupi ndi bango la kansanza kofiira, atafulatira gulu lonse.

A Sichali anapuma mozama. Anamenya. Kulira kwa ndodo kokhako kunawauza kuti iyi ndi ina. Kampira kananyamuka bwinobwino kulunjika ku bango.

Pomwepo njinga yamoto inaima kumbuyo kwa mabenchi, ndipo wakabaza anayamba kutsitsa a Timothy, amalume awo a a Sichali, munthu wamkulu kuposa onse m'banjamo, amene anachedwa chifukwa chofunafuna jekete.

"Mwaghona!" anatero mkuluyo ndi mawu ake onjenjemera.

Dambo lonse linatembenuka. Azimayi anagwada, abambo anawerama, manja akuwomba. A Malunga, mboni ija, anavula chipewa nathamangira kukagwira mkuluyo mkono, akuti "monire, monire" ngati wobadwira konkuno. A Sichali khosi linkafuna kutsatira kampira, koma mawondo awo anakulira ku Chisenga. Anapinda okha. Chipewa chinatsika, nkhope inaloza kwa amalume. Ndipo amalumewo sanafulumire. Anafunsa za msana, za chimanga, za ng'ombe ija inkatsimphina chaka chatha, n'kufunsanso za msana.

Moni atatha, gulu lonse linatsetserekera ku dzenje. Pa udzu panalibe kampira. Anafuna kumanzere, anafuna kumanja. A Malunga ndi amene anasuzumira m'chitini, napisamo dzanja, natulutsa kampira n'kukakweza m'mwamba.

"Kalowa! Anthuni, kalowa! Kamodzi!"

Nthungululu zake zinamveka mpaka kuchigayo. A Malunga ananena pamaso pa onse kuti anamva kulira kwa ndodo, anaona kampira kakunyamuka, ndipo akatulutsa m'chitini ndi dzanja lawo, umboni woposa pamenepa kulibe. A Sungani, malaya akadali onyowa, anagwira a Sichali dzanja ndi manja awiri.

"Adada, tinakulakwirani. Ng'ombe ija inkanena zoona."

A Sichali ankamwetulira, koma maso awo anali kwina. Bessie anali atanyamuka kale, akulowera kumudzi, chitenje chitaphimba kumutu. Ndipo iwo ankakumbuka kuti pamene mawondo ankapinda, kampira kaja kankaoneka ngati kakupendekera pang'ono kumanzere. Mwina mphepo inakabweza. Mwinanso kanagwera pafupi ndi mwana waulemu amene sakanalola kuti apongozi ake achite manyazi pamaso pa mlendo wa boma. M'dambo lonse lija munthu mmodzi yekha ndi amene nkhope yake inaloza ku dzenje, ndipo anali munthu yekhayo pa dziko lapansi amene iwo sakanatha kumufunsa.

Mawa lake anatuma mayi a kunyumba. A Nalungwe anapita monyinyirika, nabwerako msanga.

"Ndamufunsa. Akuti kampira ka apongozi kanali m'chitini."

"Zimenezo tonse tikudziwa. Kanalowa kokha?"

"Akuti iye ndi mwana, sangatsutse zimene akuluakulu onse aja anena."

"Bwererani mukamufunse bwinobwino, anyina Mark."

"Ndikavutitse mwana wa eni ake chifukwa cha dzira losaswa? Munkalira kuti anthu sakukukhulupirirani. Akukhulupirirani. Mukufunanso chiyani?"

Anayesa kudzera kwa Mark. Mark anabwera akukanda khutu, nati atamufunsa mkazi wake anangoseka, n'kumuuza kuti akatole nkhuni.

Lero a Sichali ndi munthu wolemekezeka. Pa tiyirumu amawasiyira mpando wa pakona, ndipo mlendo aliyense wobwera ku Chisenga amauzidwa za Loweruka lija. Wofotokoza amakhala a Sungani, amene tsopano amalumbira kuti anaona ndi maso awo kampira kakudumpha, kakuzungulira pakamwa pa chitini ngati kakupempha odi, kenako n'kulowa. Anthu amavomereza, ena amawonjezeraponso zimene nawonso anaona. A Sichali amamvetsera akutakasa tiyi ndi supuni, ndipo nkhani ikatha amawafunsa a Sungani motsitsa mawu kuti, "Kodi inu munaima mbali iti?"

M'Chisenga monse wokayika watsala mmodzi yekha, ndipo ndi mwini kampira.