Ndinathawa singano ya pamsana, maso anga n'kupita

Inu owerenga, diso langa lakumanzere linafa chifukwa cha mantha anga, ndipo lakumanjali likungopenya pang'ono. Ndine mphunzitsi kuno ku Domasi, wa sayansi ndithu, koma tsiku lofunika nzeru zinandithawa.

Zinayamba ndi mutu. Unkandipweteka kwambiri m'mawa, m'makutu mukumveka fuu fuu motsatana ndi kugunda kwa mtima. Ndikawerama kutola choko, kumaso kunkachita mdima kwakanthawi. Ndinkangomwa panado, anzanga n'kumandiseka kuti ndanenepa, ukwati wandiyanja.

Nditayamba kuona zilembo ziwiriziwiri pa bolodi, amuna anga anandiperekeza kuchipatala chachikulu. Dokotala anaunika m'maso mwanga ndi kanyali, nati mitsempha yochokera kumaso kupita ku ubongo yatupa, chizindikiro choti madzi a m'mutu akuipanikiza. Ku Blantyre anandijambula mutu, chotupa sanachipeze. Chinatsala n'kuyeza mphamvu ya madziwo, omwe amatsikira mpaka kumsana. Anandifotokozera bwinobwino: ndigona chammbali nditapinda maondo, alowetsa singano kunsi kwa msana, alumikiza kachubu ka manambala, ndipo pamene madzi akwere n'kuima ndi pamene pawauze kukula kwa vuto.

Apa n'kuti akunena zochotsa madzi a pamsana. Kwathu kuno mawu amenewo timawamva pamaliro. Bambo anga anachotsedwa madzi a pamsana, mawa lake tinanyamula mtembo. Ndinaimbira amalume ku Songani, poti nkhani yaikulu kwathu sidutsa iwo osaimva. Anangoti, "Iwe mwana, ukufuna tikakuike pafupi ndi abambo ako? Tuluka m'menemo!" Amuna anga anandichonderera mpaka misozi kuti ndiyezedwe, koma iwo ndi mkamwini, mawu awo sanapite patali. Sindikunamizira amalume ayi. Amene anamanga chitenje n'kutuluka pageti ngati akukagula nthochi ndine.

Miyezi inapita ndili pakhomo, amayi a kumpingo akubwera kudzandipempherera. Maso ankatha kuyambira m'mbali, ine osadziwa. Ndinkangogunda zitseko n'kumakalipira amene wazitsegula. Ndinadzidzimuka tsiku limene wakabaza anandiwomba ku Naisi, masanasana, ndisanamuone n'komwe.

Ndinabwerera kuchipatala kuja ndi manyazi. Singano imene ndinkaithawa inangopweteka ngati jakisoni wamba. Madzi anakwera kupitirira muyezo, anachotsako ena, mutu n'kupepuka tsiku lomwelo. Anandipatsa mapiritsi ochepetsa madziwo, koma dokotala sanandibisire: mtsempha wa diso ukafa suphukanso. Nditamufotokozera mmene bambo anadwalira, ouma khosi komanso okomoka, anati ambiri amafika matenda atawamaliza kale, ndiye mlandu n'kugwera singano. Ndinalira kwambiri.

Inu owerenga, mutu ukamabwera ndi mdima kumaso, musauzolowere. Akakuuzani zoyeza madzi a pamsana, funsani mafunso onse mpaka mumvetse, koma musathawe. Achibale amatikonda, inde, koma mdimawu umakhala nawo wekha.

Lero ndimaona ngati ndikusuzumira mupaipi, kachigawo kamodzi basi. Lamlungu lapitali mwana wanga wamkazi anavala diresi latsopano n'kuima patsogolo panga. "Amayi, ndatchena?" Ndinayamba kumuyang'ana ku nsapato, kenako diresi, pang'onopang'ono, kukwera m'mwamba. Mmene ndimafika pankhope pake, anali atasiya kale kumwetulira.