Sileti ya amuna anga ndi chimanga changa

Chaka chimene amuna anga anasankhidwa kukhala mlimi wotsogolera kwathu ku Utale, ndinapeza mkazi mnzanga. Sanali munthu iyayi. Kanali kamakina kowerengera mabuku a ulimi komwe bungwe lina linagawa, kopyapyala ngati sileti ya kusukulu, ndipo tonse tinkangoti sileti. Ankaipukuta ndi duku langa la kutchalitchi. Ine chikwatiwireni, munthuyu sanandipukutepo ngakhale thukuta.

Ubwino inali nawo, ndisaname. Padzuwa la kuno, pomwe foni imangokuonetsa nkhope yako, iyo zilembo zinkaoneka bwinobwino ngati za papepala. Batire lake linkakhala masabata osatha. Koma inalibe mtundu. Tomato wotuwa, nthochi yotuwa, ndi mayi womwetulira wa pachikuto naye mbuu, ngati wagona paphulusa.

Mu Disembala mvula inagwa yosalekeza. Chimanga changa chisanafike m'mawondo, masamba a m'munsi anayamba kusintha m'mphepete, kukhala a pepo ngati chovala cha ansembe pa Lenti. Ndikuti changa chifukwa mundawo ndi wa malemu mayi anga, abambowa anaupeza. Ndi womwewo umene unkadyetsa ife ndi ana athu, tinalibe wina.

Amuna anga anabwera kumunda ndi sileti kukhwapa, natsegula tsamba la matenda a chimanga. Panali zithunzi ziwiri. Pansi pa choyamba analemba kuti masamba akaoneka chonchi, chimanga chili ndi njala, thirani manyowa. Pansi pa chachiwiri, akaoneka chonchi ndi matenda oopsa, zulani ndi kutentha msanga. Wolemba bukulo, kutauni kwawoko, sanaone chifukwa chotchulira mtundu poti zithunzi zinalipo. Zithunzi zakezo! Ichi tsamba lotuwa, lakuda m'mphepete. Ichonso tsamba lotuwa, lakuda m'mphepete.

“Ndi chachiwirichi,” anatero amuna anga.

“Mwadziwa bwanji, bambo? Si mapasa awa?”

“Ichi chada kwambiri. Ife tinaphunzitsidwa.”

Anaphunzitsidwadi, ku Liwonde, ndipo anabwerako ndi chipewa. Ine chimene chinkavuta chimangacho sindinkachidziwa, koma ndinkadziwa kuti chozulidwa sichibereka. Ndinawapempha kuti tidikire alangizi. Anati alendo a polojekiti akubwera Lachisanu, ndipo akapeza matenda m'munda mwa mlimi wotsogolera, sileti ndi njinga yomwe anawapatsa zipita kwa wina. Ndinawauza kuti akagwira phesi limodzi lokha, akagone ndi siletiyo kwawo kwa amayi awo.

Tsoka ilo, achemwali anga anagonekedwa kuchipatala ku Balaka, ndipo ndinapita kukawadikirira. Pobwerera, ndinauona utsi ndili pamsewu. Abambo aja anali ataitana amuna a mukalabu yawo ya alimi, onse a zipewa, ndipo anagwira ntchito yozula ndi kutentha ndi changu chomwe sindinachionepo pakupalira. Panatsala mizere yochepa ya pachulu basi. Ndinakhala pansi m'matopemo n'kulira ngati pamaliro. Ndinatukwana, inde, ndipo anthu a m'minda yoyandikana anamva zonse.

Lachisanu galimoto inafika. Anatsika abwana ena achinyamata a nsapato zoyera, kulumphalumpha matope. Amuna anga asanayambe mawu awo olandira alendo, omwe anayeserera pamaso pa mbuzi, ine ndinathyola tsamba pachulu paja n'kuwaikira abwanawo kumaso.

“Achimwene, ili ndi chithunzi chiti?”

Anatulutsa foni yawo n'kutsegula buku lomwelo. Kalanga ine! Pafoni tsamba loyamba linali la pepo, lachiwiri lofiirira ngati fodya wouma. Mwana wa sitandade wani akanasiyanitsa.

“Ndi choyamba, mayi. Ndi njala chabe, kathireni manyowa.”

“Ndithire paphulusapo?”

Anayang'ana munda, kenako sileti, ndiye nkhope yawo n'kuwala ngati ndawafunsa funso lomwe ankaliyembekezera. Anati m'kati mwa galasi la siletiyo muli timatumba tating'onoting'ono, ndipo kathumba kalikonse kali ndi fumbi loyera ndi lakuda likuyandama m'mafuta. Magetsi akakankha loyera pamwamba, pamenepo payera. Akakankha lakuda, pada. Akalisiya panjira litasakanikirana, ndiye kutuwa kuja, kwina kopepuka kwina kozama. Chithunzi chikakhazikika sichidyanso batire. Koma poti fumbi ndi la mitundu iwiri yokha, pepo ndi kufiirira zimatha kugwera pa kutuwa kumodzi.

Amuna anga ankagwedeza mutu monyadira, ngati wotamidwayo ndi mwana wawo.

“Nanga ya mitundu kulibe?” ndinafunsa.

“Ilipo, mayi. Amaika kasefa ka madontho ofiira, obiriwira ndi a buluu pamwamba pake, kungoti imaoneka yosuluka pang'ono. Imeneyo ibwera m'gawo lachiwiri la polojekiti.”

Ndinawafunsa ngati ana anga nawonso azidzadya m'gawo lachiwiri. Anaseka, poganiza kuti ndikucheza. Kenako anaimika amuna anga pambali pa phulusa, sileti pachifuwa, n'kuwajambula. Anati akaonetsa kulikulu kuti alimi akutsatira uphungu mwachangu. A mukalabu anaomba m'manja.

Tinabzalanso, koma mvula inadula chimanga chikumasula. Zimene tinakolola zinatha dzuwa la Okutobala lisanafike pachimake. Mvula ina itayamba, ndinabereka wamng'ono kupita kwa azakhali anga ku Kalembo, kukapalira minda ya anthu kuti ndizilandira madeya otumiza kunyumba. Amuna anga sanapite nawo. Anati mlimi wotsogolera sangaoneke pa ganyu, anthu angataye chikhulupiriro mu polojekiti.