Ndinafa m'foni ya alamu

Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera ku sukulu ya mkaka atavala diresi losakhala lake. Long'ambika paphewa, lofiira ndi dothi, mabatani onse kulibe. Chonsecho m'mawa ndinali nditamuveka lachikasu lija, lochapachapa. Mlongo wake wamng'ono, amene apongozi ankanditengera ndikalowa m'munda, anabwera naye ali mbuu, phulusa m'mutu ngati wagona pamoto wozima.

"Diresi lako lili kuti?"

"Ababa aakulu anati ndivule kaye. Atijambula ndi foni. Anati tisaseke."

"Musaseke chifukwa chiyani?"

"Akuti ana amasiye saseka."

Mtolo wa nandolo umene ndinasenza ndinangouponya pansi.

Nthawi imeneyo ndinali pa chitengwa ku Mkhumba. Kwathu ndi kutsinde kwa Michesi, ndipo kwathuko mwamuna ndiye amatsatira mkazi, ana ndi a mbumba ya make. Koma ine ndinalola kutengedwa. Bambo a anawa ankakhala miyezi ku Chilwa akupha matemba, foni analibe, ndiye pamudzipo wolamula anali akulu awo, alamu anga. Iwowa anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni ndi foni yojambula, yokhala ndi intaneti, yoyamba kuoneka m'mudzi monse. Anamanga shedi yaudzu, n'kuyambitsa sukulu ya mkaka, ana n'kumamwa phala m'mawa. Aliyense ankawayamika. Nanenso ndinkawayamika.

Ndinafunsa apongozi za diresilo. Anandiyankha m'Chilomwe, osandiyang'ana n'komwe, kuti mkazi wa chitengwa sachulutsa mafunso, kodi phala ana anga sakumwa?

Amene anandionetsa anali akazi a alamuwo, ndipo anandionetsa mokondwa, ngati akundipatsa mphatso. Amuna awo anali atapita ku boma pa njinga, foni ataisiya.

"Amake mwana, tabwera kuno! Ana ako atchuka. Azungu akuwaona kwawo konko."

Anandikokera pachulu cha kuseri kwa khola, poti netiweki inkagwira pokhapo. Tinakwera, iwo atakweza foni m'mwamba ngati akuopa galu. Anadina, anadinanso, n'kuti tidikire. Ife dikire, dikire, nyerere zikundikwera m'miyendo. Kenako chithunzi chinayamba kutsika kuchokera pamwamba, pang'onopang'ono, ngati munthu akuvundukula nsalu. Choyamba udzu wa shedi. Kenako tsitsi. Chipumi. Chinaima pamenepo nthawi yaitali, ine n'kudziwiratu kuti ndi iye, chifukwa chipumi cha mwana wako umachidziwa ngakhale maso asanaoneke. Maso atatuluka ndinaona kuti anamveradi. Sanaseke.

Pansi pake panali mawu a Chingerezi, ang'onoang'ono ngati nthanga za therere. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, ambiri anandidutsa. Koma liwu lotanthauza mayi ndinalidziwa. Lotanthauza bambo ndinalidziwa. Ndi lina lija loti anamwalira.

"Achemwali, apa alemba kuti ine ndinafa."

"Aaa, iwenso! Zongolemba izi. Mzungu angapereke ufa kwa mwana amene make ali zunguliruzunguliru pakhomo?"

"Koma ine ndili moyo."

"Nanga wakana ndani? Ndiye tamvera mwayi wako. Loweruka likubwerali azunguwo akubwera ndi galimoto kudzatenga ana oti akakhale kunyumba ya ana amasiye ku tauni. Ako ndiwo awakonda. Kamtsikanako akuti kawakopa ndi maso. Kadzabwera kakuyankhula Chingerezi cha m'mphuno, iwe uzidzangoti yesi, yesi."

Anaseka. Ine ndinatsika pachulupo osaona poponda.

Kwathu munthu wamoyo sumunenera kuti wafa, ngakhale mocheza. Ndiko kumuitanira imfa. Ndiye ine ndinali nditanenedwa, ndalembedwa, dziko lonse lawerenga, n'kuvomereza. Ndinayamba kudzimvetsera m'thupi. Mutu ukangoti waa, ndinkati ndi imeneyo yayamba. Koma chondisowetsa mtendere kwenikweni chinali chakuti mwana wopanda make aliyense akhoza kumutola.

Maganizo anga anali akuti anawo ali m'kati mwa foniyo. Si mmene ndinawaonera? Ndinati foniyo ikafa, bodzalo lifera momwemo, azungu akatsegula kwawo adzapeza mdima. Tsiku lotsatira alamu anaisiya pakhonde ikutchajidwa ku batire ya galimoto, iwo ali kubafa. Pambali panali ndowa imene akazi awo ananyikamo makaka. Ndinaisolola pachingwe, n'kuilowetsa pansi penipeni, pansi pa chinangwa, n'kubwerera kwanga.

Anaipeza madzulo, ikununkha chinangwa chovunda. Sanafunse kuti wachita ndani. M'mawa mwake anabwera pakhomo panga atabwereka foni ina kwa mnzawo wa ku boma.

"Mlamu, tabwerani pachulu."

"Ndili ndi ntchito, alamu."

"Ndati bwerani. Mudzaone ana amene munawamiza dzulo."

Ndinapita. Chithunzi chija chinatsikanso chimodzimodzi, udzu, tsitsi, chipumi, m'foni ya munthu amene sanaonepo mwana wanga.

"Zimenezi sizikhala m'foni, mlamu. Zimakhala m'mwamba umu." Analoza kumitambo. "Kanyikeni mitambo m'ndowa tione."

"Fufutani, alamu, chonde. Lembani kuti make alipo."

"Kuti azungu anditenge ngati wabodza, phala lithe? Ana a mudzi wonse agone ndi njala chifukwa cha inu? Anuwa akakhala ku tauniko azikadya katatu. Inu mumawapatsa chiyani, nyemba za kalongonda?"

Masiku otsatirawo sindinakhale pansi. Ana ndinkapita nawo kumunda, wamng'ono kumsana, wamkulu nditamugwira dzanja mpaka ankadandaula kuti ndikumupweteka. Kukamveka injini kumsewu ndinkawagwetsa m'mizere ya nandolo, pena ili thirakita, pena chigayo chabe. Ndinatuma uthenga ku Chilwa kudzera mwa wogula matemba, yankho silinabwere. Ndinaganiza zothawa, koma apongozi maso anali pa ine, ndipo ndinkati ndikathawa chithunzicho chinditsatira, poti mitambo ili paliponse, ndi kwathu komwe.

Loweruka ndinati ndikatunge madzi msangamsanga, kenako tikabisale kudimba. Pamjigo panali mzere. Pobwerera ndinapeza chitseko chili pululu, diresi lachikasu lili pamphasa, ana kulibe.

Ndinathamanga osamanga bwino chitenje. Kushedi kunali galimoto yoyera, anthu atazungulira, ana atawandandalika m'nsanza zawo. Panali azimayi awiri achizungu ndi mayi wina wa ku tauni wowamasulira. Mwana wanga wamkazi anali kutsogolo, nkhope atakwinya monga anamuphunzitsira. Wamng'ono anali m'manja mwa apongozi.

Alamu atandiona anafulumira kuyankhula. "Awa ndi oyandikana nafe, amatithandiza kuphika phala."

Ndinafuna kuwatsutsa. Chingerezi ndinalibe. Umboni ndikanautenga kuti? Munthu umatsimikiza bwanji kuti uli moyo pamaso pa anthu amene anawerenga kale za maliro ako? Ndinangokhala pansi pafumbi pomwepo, pakati pa bwalo. Ndiye poti mabere anali atadzadza chiyambire m'mawa, manja anachita okha zimene anazolowera. Ndinamasula bulauzi.

Kamnyamata kanandiona. Kanadzipotokola m'manja mwa agogo ake, kanatsika, kanabwera dzandidzandi kakulira "Amama, amama," n'kudzagwira bere ndi manja onse awiri. Pabwalo ponse pankangomveka kumeza kwake.

Mlongo wake anachoka pamzere, n'kudzaima pambali panga.

"Amama, ndiseke tsopano?"

Azimayi ena kumbuyo anaphulika nako kuseka, ena anagwira pakamwa. Mayi womasulira uja anabwera, n'kugwada pafupi nane.

"Mayi, ana awa ndi anu?"

"Ndi anga onse. Womwalira uja ndine."

Anatembenuka n'kuyankhula ndi azunguwo. Mmodzi nkhope inafiira ngati phwetekere. Alamu anayamba kufotokoza zambirimbiri m'Chingerezi cha ku Joni, koma palibe amene ankawayang'ana. Ndinaona kuti mzungu winayo ali ndi foni m'manja, yaikulu kuposa ija ndinamiza.

"Auzeni andijambule chonchi," ndinatero, "mwana ali kubere. Akaike pomwe anaika chinacho, pamwamba pake, kuti wotsegula aziyamba waona ine."

Anandijambula. Ndinamupempha womasulirayo andionetse, ndipo ndinadziona ndekha, thukuta lili chuchuchu, tsitsi losapesa, wamoyo.

Sindinadikire kumva mmene mlandu wa alamu uthere. Ndinabereka wamng'ono, wamkulu ndinamuvula nsanza ija pomwepo n'kuisiya pafumbi, ndinamukulunga m'chitenje changa china. Kunyumba ndinangotenga diresi lachikasu ndi poto mmodzi. Apongozi ankandiitana kumbuyo, sindinacheuke. Pamsewu ndinaimitsa kabaza, tinakwera tonse atatu, mtsikana pakati, ine nditamupanikiza ndi mawondo, n'kumuuza wopalasayo kuti alunjike ku Michesi, kwa achimwene anga, ndipo galimoto iliyonse ikamabwera kumbuyo asaime.