Mbiya Zinayi za aNamwale

Mukafika ku Zingalume n'kufunsa kuti ndani anapulumutsa mudzi wa kutsidya kwa dambo pa njala ya 1992, ena akulozerani nyumba ya malata ya a Bonifasi. Asa! Anthu sachedwa kuiwala akakhuta. Amene anaupulumutsa mudziwo ndi a Elinata Mwale, amene aliyense ankangowatchula kuti aNamwale, mayi wamfupi, wa mawu okalipa, wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake.

Tisanamizane, aNamwale sanali munthu wokoma pakamwa. Ukawapatsa moni ali m'munda ankayankha osadzutsa mutu. Anakwatiwapo kawiri, maukwati onse n'kutha chifukwa sanabereke, ndipo anatsala okha m'kanyumba kaudzu moyandikana ndi mng'ono wawo Fainesi. Mwana wa Fainesi, Leah, ndiye anali mtima wawo. Kamtsikana ka zaka zinayi kameneko kankagona kwa amake, koma kudya, kusamba ndi kulira komwe, zonse kankachitira kwa amayi ake aakulu.

Chimene ankasekedwa nacho aNamwale chinali chimanga. Zaka zimenezo mudzi wonse unali utataya chimanga cha makolo n'kutengeka ndi cha haibulidi, chimene kopaletivu inkabweretsa pa lole chaka ndi chaka pamodzi ndi feteleza. Wapampando wa kopaletivuyo anali a Bonifasi, bambo wovala jekete ngakhale mu Okutobala. ANamwale anakanitsitsa. Ankati safuna chimanga choti ukakolola sungabzalenso, uzingoyang'ana kumsewu kudikira lole ngati mwana wamasiye.

Iwo anali ndi njira yawo imene anaphunzira kwa amayi awo, omwe anapulumuka njala ya 1949. Pokolola ankasankha chimanga chachikuluchikulu, cha mizere yowongoka, n'kuchipachika kudenga la khitchini kuti chimwe utsi. Chikauma gwa ankachitonola, kuchisakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, kuchithira m'mbiya, n'kumata pakamwa ndi dothi. Mbiyazo zinali zinayi, zikuluzikulu, zofika m'chiuno. Ndipo sankasunga mbewu ya chaka chimodzi ayi, nthawi zonse inkakhala ya zaka ziwiri.

"ANamwale," ankatero a Bonifasi akamadutsa pa njinga, "mbiya zimenezo anzanu amafululiramo mowa, inu mwasandutsa manda a chimanga? Dziko likupita patsogolo, mayi!"

"Pitani nalo," ankayankha iwo. "Mukatopa mudzatipeza."

Ndiye chinafika chaka chija. Mvula inadula mu Januwale chimanga chitangomasula ngayaye, ndipo sinabwerenso. Minda inapsa yonse, ya haibulidi ndi ya makolo yomwe, wa aNamwale osasiyako. Kopaletivu nayo inali itafa kale, shedi yake mutangotsala mileme. Pofika Ogasiti nkhokwe zonse zinali mbee. Anthu ankayenda wapansi mpaka kuboma ku Chadiza, kukagwira ntchito yokonza msewu kuti alandire chimanga chachikasu cha chithandizo, ndipo chikatha ankaphika mango osapsa ndi mizu yakutchire.

Apa ndi pamene mudzi unakumbukira mbiya. Omwe aja ankaseka, omwe aja ankati manda a chimanga, anayamba kufika mmodzimmodzi, mbale itabisidwa m'chitenje. ANamwale ankawayankha chimodzimodzi onse.

"M'menemu mulibe chakudya, muli mbewu. Tikadya lero, mvula ikagwa tidzabzala miyala?"

Ankachoka akung'ung'udza. Koma zimenezo zinali zochepa. Chovuta chinadza mu Okutobala, Leah atagwidwa ndi chikuku. Mwana anali ataonda kale, m'kamwa zilonda zokhazokha, phala la chimanga chachikasu akangolawa n'kusanza. Fainesi analowa m'khitchini mwa akulu ake masana dzuwa likuswa mtengo, n'kugwada patsogolo pa mbiya zija.

"Asisi, imodzi yokha. Ngakhale kambale kamodzi. Ndimuphikire phala la chimanga choyera, mwina amwa."

ANamwale anayang'ana dothi lomatira lija.

"Faine, ndikang'amba pakamwa pa imodzi, mudzi wonse umva mtondo ukulira. Mawa pakhomo pano padzaza, aliyense mwana kumsana, ndipo ndimukaniza ndani? Pofika Lamlungu zinayi zonse zatha. Ndiye chaka chamawa tifa tonse."

"Si mwana wa mudzi uyu, asisi! Ndi Leah! Ndi wanu!"

"Ndikudziwa," anatero aNamwale, ndipo sanatsegule.

Tsono izi ndi zimene okamba nkhaniyi amalumpha dala. Amalumpha zoti tsiku lomwelo aNamwale anagwira nkhuku yawo yomaliza, kupita nayo kumudzi wachitatu, kukasinthitsa ndi kapu ya ufa wa mapira ndi tishuga pang'ono. Amalumpha zoti gawo lawo la chimanga chachikasu ankalitula lonse kwa Fainesi, iwo n'kumakhalira mango. Amalumpha zoti amene anabereka Leah kumsana kuchokera ku Zingalume mpaka kukiliniki kuboma, wapansi, m'mimba mulibe kanthu, anali iwowo. Mwanayo anamwalira tsiku lachitatu. Namwino ananena momveka kuti chikuku chikapeza thupi lofooka chonchi sichimva phala la mtundu uliwonse, ndipo mwezi umenewo ana ambiri anapita. Koma kumudzi ndani anafuna kumva zimenezo? Njala imafuna munthu womuloza chala, ndipo munthuyo anapezeka.

Kumanda a Bonifasi anapatsidwa mpata wolankhula. Anakoka jekete lawo n'kunena kuti n'zomvetsa chisoni kuti ana akufa pamene ena atsekera chakudya m'nyumba. Sanatchule dzina, koma makosi onse anatembenuka. Amayi anasuntha mphasa, aNamwale n'kutsala okha pakati ngati chitsa. Kumbuyo kunamveka mawu: "Wosabereka angadziwe bwanji ululu wa mwana?" Wina anawonjeza kuti m'mbiyamo mwina mulibe chimanga chokha. Kuyambira pamenepo dzina lawo linasanduka mfiti. Kuchitsime panalibe wowasenzetsa ndowa, ankachita kugwada n'kuyikokera pabondo okha, amayi khumi atangoima kuyang'ana. Fainesi anasiya kuwalankhula, ndipo akakumana panjira ankapatukira kutchire.

Musaganize kuti aNamwale anali mwala. Analira Leah kuposa ambiri amene anakuwa pamaliro paja, kungoti iwo ankalirira m'khitchini. Funso limene Fainesi ankawaponyera ndi maso, iwonso ankadzifunsa okha: zikanakhala bwanji phala lija akanamwa? Tsiku lina m'mawa anatenga mpini wa khasu kuti aphwanye mbiya zonse, zithe, anthu adye, awasiye. Anaukweza m'mwamba. Kenaka anaganiza kuti akaphwanya lero, ndiye kuti anamukaniza Leah pachabe. Anautsitsa mpiniwo.

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala, yamphamvu, usiku ndi usana. Mizere inali yokonzeka m'minda monse, koma chobzala panalibe. A Bonifasi ankangoti lole ya mbewu ili m'njira, yafika ku Chipata, yatsala pang'ono. Lole yake iti? Anthu ankaima m'minda yonyowa manja ali m'khosi, nthaka ikununkhira, masiku akupita.

Tsiku lachitatu aNamwale anagubuduzira mbiya zija pabwalo, imodziimodzi, okha. Anagogoda dothi lomatira, phwa! Chimanga chinatuluka chotuwa ndi phulusa, cholimba, chopanda ngakhale boo limodzi la nankafumbwe. Anaima n'kukuwa ndi mawu awo okalipa aja:

"Amene ali ndi munda abwere ndi mbale!"

Ha, mukanaona liwiro lake! Anabwera ndi mbale, ndi zipewa, ndi ngodya za zitenje. Anabwera amene anasuntha mphasa, anabwera amene anati mfiti. A Bonifasi anachita manyazi kubwera okha, anatuma akazi awo ndi beseni. ANamwale anagawira khomo lililonse mofanana, osalumpha ndi limodzi lomwe.

"Sindikugulitsa," anatero. "Koma mukakolola, musankhe mbewu musanayambe kudya. Mwamva?"

Anamva, anatenga, anapita. Woti pepani, ngakhale mmodzi? Panalibe. Ena ankachita kuuzira mbewuyo kaye, ati kuchotsa mankhwala a ufiti, kenaka n'kuthamanga nayo kumunda.

Fainesi yekha sanabwere. ANamwale anadzaza mbale n'kumupititsira pakhomo. Fainesi anaiyang'ana, n'kuimenya ndi dzanja, chimanga n'kumwazika m'matope.

"Mwandibweretsera mtengo wa mwana wanga? Chotsani!"

ANamwale anagwada n'kutola njere imodziimodzi mpaka mbale inadzazanso. Mawa lake anakabzala okha m'munda wa Fainesi, anapalira okha, anabandira okha, mwini munda osapondamo phazi.

Chaka chimenecho mvula inagwa bwino. Midzi yambiri yozungulira inabzala mochedwa kapena pang'ono chifukwa chosowa mbewu, koma kutsidya kwa dambo chimanga chinaima bii, chopitirira munthu. Mbiri inafika kuboma, ndipo mu Epulo kunabwera galimoto loyera la bungwe lina lothandiza alimi, kudzaona mudzi umene unadzisungira mbewu. Anayala mipando pansi pa mtengo wa mango. Ndipo mukuganiza kuti anakhala pampando wapakati ndani? A Bonifasi, jekete litasitidwa, pepala lili m'manja. ANamwale anauzidwa kuti akathandize kutunga madzi oti alendo asambe m'manja.

"Ife monga komiti," anayamba a Bonifasi, "tinaona patali. Tinaphunzitsa amayi athu kusunga mbewu yamakolo m'mbiya, ndipo panthawi ya njala tinakhwimitsa lamulo kuti wina asaikhudze."

Alendo anawomba m'manja, mmodzi akulemba m'kabuku. Anatsitsa njinga yatsopano m'galimoto, ati mphatso ya mtsogoleri wakhama. Mudzi wonse unali pomwepo, mimba zitakhuta mondokwa wa mbewu ya aNamwale, ndipo unangoti zii. Ena mpaka nthungululu! ANamwale anali ataima chapatali, ndowa ili pamutu, nkhope osasintha.

"Bodza!"

Anthu anatembenuka. Anali Fainesi, ataimirira pakati pa amayi.

"Bodza, a Bonifasi! Komiti yake iti? Mbiya zinali m'khitchini mwa akulu anga, awo asenza ndowawo. Ndikudziwa chifukwa ine ndinagwada patsogolo pake mwana wanga akufa, ndipo anandikaniza. Inu munali kuti? Si inu munaima pamanda a Leah n'kuwaloza chala? Lero mwavala jekete mukuti tinakhwimitsa lamulo! Ngati chimanga ichi chinadya mwana wanga, musachibe. Tchulani dzina la amene anasenza mlanduwo. Elinata Mwale! Lembani m'kabuku kanuko!"

Wolemba uja anayang'ana a Bonifasi, anayang'ana mayi wa ndowa, n'kulemba kenakake. Mkulu wa alendowo anati zimenezo ndi nkhani za m'mudzi, iwo anauzidwa kuti apereke mphatso kwa wapampando. Njinga inapita kwa a Bonifasi ndithu, ndipo anaikwera zaka zambiri osachita manyazi. ANamwale anatula ndowa, alendo anasamba m'manja, anadya, anapita.

Fainesi sanapite kwa akulu ake tsiku limenelo, ngakhale sabata yotsatira. Koma mu Meyi anthu anamuona akulowa m'munda wake uja koyamba, dengu lili pamutu. Masana ake anafika pakhomo pa khitchini ya aNamwale n'kutula denguyo. Munali chimanga chachikuluchikulu, cha mizere yowongoka, makoko atamangidwa awiriawiri. Sanapereke moni.

"Sindinakukhululukireni, asisi," anatero, maso ali pansi. "Mwina sindidzatha."

"Ndikudziwa, Faine. Inenso sindinadzikhululukire."

Fainesi anapukuta m'maso ndi ngodya ya chitenje, n'kuloza mbiya zopanda kanthu zija.

"Ndionetseni. Phulusa mumathira lochuluka bwanji?"