Nsomba m'sutikesi ya Ababa

Sutikesi ya Ababa inkakhala pamwamba pa wodilopu kunyumba kwathu ku Sakubva, mumzinda wa Mutare, kuyambira ndili mwana. Inali yabulauni, ya makona achitsulo, ndipo ndi imene anabwera nayo kuchokera ku Nyasalande ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji. Ankati adzabwerera nayo. Malemu amayi ankawaseka kuti sutikesiyo idzafika kumudzi yokha, mwini wake akuzengerezabe. Ndiye tsiku limene mwana wanga wamkazi anaitsitsa n'kuiboola mbali imodzi ndi mpeni, ndinakalipa mpaka aneba anasuzumira pampanda.

Mwanayo anaphunzira zojambulajambula ku koleji. Ine wosoka mayunifolomu a sukulu, zaluso zakezo sindinkazimvetsa, ndipo sindinkabisa. Anandiuza kuti amupatsa chipinda kunyumba yoonetsera zaluso ya pachitunda m'tauni. Ankafuna kulowetsa mabokosi agalasi m'masutikesi akale, n'kuthiramo madzi ndi nsomba zamoyo, tinsomba tija tofiira tosadyedwa timene azungu ankaweta m'nyumba zawo. Ndinamufunsa ngati anthu a ku Mutare asowa chochita mpaka kukwera chitunda kukaonerera ndiwo zikusambira. Sanaseke. Anati zonsezo akuchitira agogo ake, ndipo akufuna adzaone.

Pa nthawiyo n'kuti Ababa atadwala sitiroko. Mwendo unabwerera pang'ono, koma mutu sunabwerere wonse. Chishona chimene anatola panjanji chinachoka, Chingelezi cha mabwana nachonso chinapita, kunangotsala Chinyanja cha kwawo, china chozama choti ngakhale ine ndinkachita kufunsa. Ine ankandizindikira, mwina chifukwa ndinkawayankha. Koma mdzukulu wawoyo ankamupatsa moni waulemu ngati nesi, basi n'kutembenukira kukhoma.

Zinkamupweteka, ndipo nanenso zinkandipweteka, chifukwa awiriwo anali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Ndiwo anamulera ine ndili pa makina. Ankamukweza panjinga kupita naye kusiteshoni kukabayibitsa sitima, pobwera m'kamwa muli noninoni ndi maswiti. Ndiwonso analamula kuti tizimulankhula Chishona chokha. Mwanayo anabadwa zaka zija minda ya azungu inkalandidwa, pamene abale athu a m'mapulazi a ku Imbeza ankafika kwathu ndi mitolo pamutu, ndipo anthu ankatiuza pamaso kuti ndife obwera opanda mutupo, mfunda m'Chishona, ngati kuti mfunda wathu si mfunda.

"Mwanayu musamusenzetse katundu wathu," anatero Ababa.

Iwo ankamulankhula Chishona chawo chopindikapindika, iye n'kumawakonza, onse awiri n'kumafa ndi phwete. Tsopano pokumanira pawopo panali patachoka. Mwana wanga ankakhulupirira kuti akaona sutikesi yawo, namuona iye ataima pambali pake, chinachake chidzatseguka m'mutu mwawo n'kumutchula dzina. Ine ndinkadziwa kuti akudzinamiza, koma sindinafune kumugwetsa mphwayi.

Tinapita Loweruka m'mawa. Ndinawaveka jekete yawo ya kutchalitchi, tinakwera kombi, minibasi ya kuno, ndipo chitundacho tinachikwera mwakachetechete, kupumira pamthunzi uliwonse. Nyumbayo inali yakalekale, pansi pa matabwa ponunkhira polishi. Ababa anavula chipewa pakhomo. Tinadutsa zithunzi ndi ziboliboli zamiyala, iwo osazicheukira n'komwe, mpaka tinafika m'chipinda cha mwana wanga.

Ndinene zoona, pakamwa panga potolotolo paja panatsekeka. Chipindacho chinali cha mdima pang'ono, masutikesi atakhazikidwa pamatebulo, iliyonse ikuwala mkati. M'mene munkagona mabulangete ndi mathalauza munali madzi, ndipo tinsombato tinkazungulira pang'onopang'ono, zipsepse zikuyandama ngati lesi ya diresi la ukwati. Tina tinali tofiira psuu, tina ta mawanga oyera, kena kotupa masaya ngati mwana wonyanyala. Tinsombato tinkafika pagalasi, kugunda ndi kamwa, n'kubwerera. Ndinamva chisoni chimene sindinachiyembekezere, ndipo sindinadziwe ngati ndikumvera chisoni nsombazo kapena eni masutikesiwo, amene ambiri tinawaika kale m'manda a kuno.

Ababa anadutsa masutikesi ena onse ndi ndodo yawo, n'kukaima pa yawo. Anasisita kona yachitsulo ndi chala.

"Iyi ndi yanga," anatero.

Mwana wanga anasendera pafupi, atagwira pachifuwa. Ababa anawerama n'kuyang'ana nsombazo nthawi yaitali, maso akutsatira kamodzi kamene kankakhala pakona. Kenaka anandiyang'ana ndi nkhope ya nkhawa.

"Nanga ine zovala ndilongedza muti?"

Iwo anatembenukira kwa mdzukulu wawo, nawomba m'manja pang'ono mwaulemu.

"Mayi, kodi nsombazi ndi zanu? N'zokongola ndithu. Koma mukamaliza mundibwezere sutikesiyi, ndili ndi ulendo."

"Mhamha, vati chii?" mwana wanga anandifunsa m'Chishona, kuti anena chiyani.

Ndinamumasulira. Anandikoka dzanja mpaka m'khonde, pakati pa ziboliboli zija, misozi ili lengelenge. Anati vuto ndi lilime lake basi, akangowalankhula m'chinenero chawo amudziwa. Anandipempha kuti ndimuphunzitse mawu ochepa okha.

Ndinamuphunzitsa pomwepo monong'ona: Agogo, ndine mdzukulu wanu. Lilime lake lozolowera Chishona cha Chimanyika linkathawira ku "muzukuru", ine n'kumamubweza. Anabwereza, anabwerezanso, mpaka mayi wina wolondera pakhomo anayamba kuyang'ana kumbali kuti tisachite manyazi. Mtsikana wamkulu, wa dipuloma yake, akuphunzira kudzitchula ngati mwana wophunzira kulankhula. Ndinkafuna kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Tinabwerera. Ababa anali atakhala pa benchi moyang'anizana ndi sutikesi yawo, chipewa chili pabondo. Mwana wanga anagwada patsogolo pawo, nawagwira dzanja lawo lofooka ndi sitiroko, ndipo ananena bwinobwino, osaphonya paliponse, kuposa m'mene ndinamuphunzitsira.

"Agogo, ndine mdzukulu wanu."

Ababa anamuyang'anitsitsa. Munkangomveka kapampu kopopera mpweya m'madzimo. Kenaka anamwetulira, kumwetulira kwawo kwakale kuja kotseka diso limodzi, namusisita paphewa.

"Pepani mayi, mwasokoneza. Mdzukulu wanga ndimamudziwa ine, ndinamulera ndekha. Ndi mwana wabwino kwambiri. Koma Chinyanja sadziwa ngakhale liwu limodzi."

Poona kumwetulirako iye anaganiza kuti zatheka. Anandicheukira nkhope ikuwala, akudikira kuti ndimumasulire. Ndikanatha kumunamiza, koma akanadziwa pofika kunyumba. Ndinamuuza monga m'mene ananenera, liwu ndi liwu.

Anakhala chigwadire, mutu uli pansi. Kenaka anatukula maso, nalankhula m'Chishona chija ankasekera nacho limodzi, kuwauza agogo akewo kuti ndi iyeyo.

"Sekuru, ndini. Ndini, Sekuru!"

Ababa anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono, nanditembenukira.

"Akuti chiyani mayiwa?"