Chopondera cha pakhomo pa Malizani

Malizani wasoka pamsika wa Chilinde zaka makumi awiri, ndipo ine ndimagulitsa mabatani ndi zipi pafupi ndi shopu yake. Ndi telala waluso, wosunga pakamwa. Tinkati n'chifukwa chake mabwana awiri a ku Area 47, Madamu Sophie ndi Madamu Mirriam, ankalolera kudzaponda fumbi lathu. Awiriwa amakumbatirana kutchalitchi, koma wina akagula galimoto, mnzake sapeza mtendere mpaka atagula yoposa. Ine anthu otere amanditopetsa.

Mu Juni, Madamu Sophie anabweretsa nsalu yobiriwira ya ku Dubai yoti adzavale paukwati wina mu Ogasiti. Anamulumbiritsa Malizani kuti asaonetse munthu. Iye ankaisoka atatseka chitseko.

Patsiku la ukwati, Madamu Mirriam analowa mu holo atavala nsalu yomweyo. Lolemba Madamu Sophie anafika pashopu, moni osapereka.

"A Malizani, pofika Lachisanu mundiuze amene anaulula. Apo ayi, ku 47 konse adziwa kuti mumagulitsa makasitomala anu."

Malizani anayamba kuona mfiti paliponse. Anakayikira dalaivala wa Madamu Sophie. Anakayikira Kenny, telala mnzake amene amakonda kudzabwereka sizasi. Ngakhale ine anasiya kundiyankha moni, ati tsiku lina ndinasuzumira pomupatsira zipi. Zinandiwawa, sindinama. Zaka zonsezi tikudyera limodzi chinangwa, lero ndasanduka kazitape?

Lachinayi Madamu Mirriam anabwera kudzatenga siketi yawo. Malizani anadzichepetsa, nawafunsa kuti anawauza ndani. Iwo anaseka, n'kuloza pansi ndi nsapato.

Pakhomopo panali chopondera. Mkazi wa Malizani, Tione, amatola tizidutswa ta nsalu totsala, n'kumatisokerera pachiguduli. Zoponderazo amagulitsa, ndipo chatsopano chilichonse amachiyala pakhomo pa shopu kuti anthu aone. Pakati pa chimenechi panali tizidutswa tobiriwira, tonyezimira.

"Ndinajambula pa foni n'kutumiza ku Dubai," anatero Madamu Mirriam. "Zaka zitatu ndakhala ndikuonera pamenepa zimene Sophie adzavale. Kale ndinkangogula yoposa, ulendo uno ndinafuna amve kuwawa. Inu mumati ndimadzera kusoka kwanu? Matelala ali mbwee ku town."

Madzulo ake Malizani anabwera pabenchi panga n'kundipepesa, maso ali pansi. Ndinamukhululukira, koma ndinayamba ndamuuza mawu awiri atatu.

Lachisanu anakulunga chopondera chija, nakwera nacho minibasi mpaka ku Area 47. Madamu Sophie anamvetsera ali pageti. Anati wakuba akanakhala bwino, chifukwa wakuba umamudziwa, kusiyana ndi telala woyala chinsinsi cha munthu pakhomo kuti aliyense apondepo. Sanabwerenso.

Tione anasiya kuyala zopondera pashopu. Malizani anadzitonthoza kuti wina akapita wina amatsala, ndipo anasungira Madamu Mirriam mpando wabwino wa m'shopumo. Iwo anabwera kamodzi, anayang'ana pansi, napeza simenti yokhayokha. Mpandowo pano amakhalira makolo odzasoketsa mayunifolomu a sukulu.